Tsiku Limene Ndinachita Khungu pa Chilumba cha Eni

Ndikudziwa kuti nkhani za ife okhala kunja anthu mumazimvera khutu limodzi, mumati tikakwera ndege timaphunzira kukometsa, koma iyi ndikukuuzaniyi palibe mchere umene ndathirapo. Amene anandionapo nditavula sikafu akudziwa zipsera zimene zili m'khosi mwangamu kutsikira paphewa, zokhala ngati ndinapsa ndi phala ndili mwana, pamene si phala, si moto. Mayina sinditchula, chifukwa ena a m'nkhaniyi anatisiya ndipo ena akadali moyo m'tauni momwe muno, timakumana pabasi.

Zinachitika cha m'ma 2006, kapena chaka chotsatira, sindikumbukira bwino. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, ndipo ku London kuno ndinabwera monga anabwerera ambiri a ife masiku amenewo, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ija timangoti keya. Ndinali ndi kachipinda ku Woolwich m'nyumba imene tinkakhala azimayi okhaokha, koma ndinkagonamo Loweruka lokha, chifukwa ejensi inandipatsa ntchito yogonera komweko kwa mayi wina wachizungu wamasiye ku Greenwich. Ndiziwatchula kuti adona, poti ndi mmene ndinkawatchulira ndikamacheza ndi anzanga.

Adonawa anali atadwala sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, mwendo ndi mkono womwe, moti ankayendera njinga ya olumala, yokankha ija. Mutu wawo unali bwinobwino, zonse ankamva ndipo pa TV sankaphonya nkhani, koma mawu ndi amene anawathawa. Anangotsala ndi liwu loti inde, kenako zotukwana basi. Musaseke, adokotala ankati zimachitika ndithu. Mayi amene achibale ake ankati kale anali waulemu wosaneneka, akafuna tiyi ankatukwana, akafuna kuthokoza ankatukwananso. Masiku oyamba ndinkakalirira kubafa, ndinkati ine mayi wa Mvano ndalakwanji kuti ndizidzuka ndi mawu otere? Koma pang'ono ndi pang'ono khutu linazolowera, ndinayamba kusiyanitsa kutukwana kwa ludzu ndi kwa ululu, ndi kuja kongocheza. Kumeza nakonso kunkawavuta, chakudya chilichonse ndinkachita kuchiphwanya ndi supuni mpaka chifewe ngati cha khanda.

Malemu amuna awo ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi, ndipo adona ankatha tsiku lonse ali pawindo kuyang'ana maboti akudutsa mumtsinje. Ndiye mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala ku Romford, anaganiza zoti mayi ake athawe chisanu cha Januwale pokwera sitima zikuluzikulu zoyendetsa anthu okaona malo zija, ulendo wopitirira mwezi, kuwoloka nyanja yamchere mpaka kuzilumba zotentha za ku Caribbean n'kubwerera. Iye anati ntchito siimulola kuchoka nthawi yonseyo, choncho wopita nawo ndinali ine. Kutchalitchi nkhani inawanda, ena akuti mwayi wako, ena akuti keya yako ndi yosiyana ndi yathu, ife tikusintha matewera ku Plumstead iwe ukukawothera dzuwa. Ine ndinkangoseka, koma mumtima munali mantha, poti ngakhale bwato la panyanja yathu ndinali ndisanakwerepo.

Masiku oyamba ndinasanza mpaka kulapa, adona ali phee, akundiyang'ana ndi diso lachisoni losakaniza ndi kuseka. Titadutsa kozizira nyanja inadekha, ndipo kunena zoona amenewo anali masiku abwino kwambiri amene ndinakhalapo chibwerere kuno. Ntchito inali yomweyo, kuwasambitsa, kuwaveka, mankhwala, kuwadyetsa, koma kuphika kunalibe, kukolopa kunalibe. Masana ndinkawakankhira pamwamba pa sitima, n'kuwafunditsa kabulangete m'miyendo, ife awiri n'kumangoyang'ana madzi opanda malire mpaka dzuwa kupendeka. Kodi munayamba mwakhalapo malo amene kulikonse mungatembenukire kulibe phiri, kulibe mtengo, kulibe nyumba? Munthu umachepa, koma mtima umapuma.

Kenako tinayamba kuima pazilumba. Sitima inkafika mmawa, anthu n'kutsika kukaona malo, madzulo n'kunyamuka, ndipo tsiku lililonse ankatikumbutsa kuti wochedwa sadikiridwa, adzaona yekha msana wa njira. Zilumba zina tinkangozionera pamwamba chifukwa njinga ya adona inkavuta kutsika nayo, koma pa chilumba ndikunenachi doko linali labwino, ndipo tinakwera minibasi pamodzi ndi okalamba ena kukazungulira.

Abale anga, chimene ndinaona tsiku limenelo chinandisokoneza mutu. Titangotuluka m'tauni ndinaona nthochi, mapapaya, chinangwa, nzimbe, mitengo ya mango, mbuzi zomangidwa chingwe m'mbali mwa msewu, nkhuku zikupalasa pakhomo, nyumba za malata a dzimbiri, ana a sukulu ovala yunifolomu akuyenda m'magulu. Mayi wina anali atakhala pakhonde akusenda chinangwa, kakhalidwe kake ndi kamangidwe ka duku ngati azakhali anga enieni. Azungu anzathu a m'minibasi ankajambula tchalitchi chakale ndi mizinga ya dzimbiri imene woyendetsa ankawaonetsa, ine maso ali pambuzi. Ndinali nditatha zaka ndisanapite kumudzi, ana anga ndinkangowamva pafoni ya khadi, ndiye fungo lija la dothi lotentha ndi utsi wa nkhuni litandilowa m'mphuno, misozi inangoyamba yokha. Adona anandiona, n'kundisisita bondo ndi dzanja lawo lamoyo lija.

Minibasi inatibweza padoko dzuwa lili pamutu, ndipo nthawi inali ikadalipo yambiri. Anzathu analowa m'masitolo a zokumbukira, ena anapita kugombe lalikulu kumene kunali maambulera ndi nyimbo. Adona phokoso sankalifuna. Analoza kanjira ka simenti kamene kankatsata m'mbali mwa nyanja kulowera mbali ina, ine n'kufunsa ngati akufuna tipite kumeneko, iwo n'kuti inde. Tinayenda, ine ndikukankha pang'onopang'ono, kudutsa tinyumba ta asodzi ndi kasitolo kena kogulitsa zakumwa, mpaka nyumba zinatha. Kanjirako kanakwera pang'ono, kumanzere kuli thanthwe ndi tchire, kumanja kuli phompho lotsikira kumiyala kumene mafunde ankamenya, lopanda mpanda uliwonse, kenako kanatsikira pa kagombe kakang'ono ka mchenga woyera kopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Sitima yathu inkaoneka patali tsidya, yoyera ngati nyumba yosanja. Tinakhala pamenepo, adona atatsinzina, mphepo ikuwaomba kumaso, ine nditavula nsapato.

Mvula ya kumeneko siichenjeza. Kamtambo kamodzi kanangotulukira kuseri kwa phiri, posakhalitsa chimvula cha madontho akuluakulu, chofunda. Pafupi pomwepo, pamene simenti inkathera, panali mtengo waukulu wa masamba obiriwira onyezimira, wa mthunzi wabwino, ndipo inu mukanakhala ine mukanatani? Ndinakankhira njinga pansi pake. Pathunthu lake panali mzere wa penti yofiira wozungulira, ndinauona ndithu, koma kwathu mtengo wopakidwa penti ndiye kuti a zankhalango auwerenga, kapena a misewu akufuna kuudula, ndiye sindinaganizepo kanthu. Adona ndinawaveka jekete lawo la mvula lokhala ndi chipewa, n'kuwaphimbanso ndi pulasitiki imene inkakhala kumbuyo kwa njinga, pamwamba pake chitenje changa, moti ankangooneka mphuno. Ineyo ndinangoima ndi bulauzi ya manja aafupi, madzi odontha m'masamba akunditsikira m'khosi ndi m'mikono, ndikusangalala, poti mvula yofunda ndinali nditaiiwala.

Ndili chiimire ndinamva kafungo kokoma. Kuyang'ana pansi, tizipatso tobiriwira mbuu, tina tachikasu, tokhala ngati masau akuluakulu aja kapena magwafa aang'ono. Kuyang'ana kumwamba, nthambi zili ndi zambiri. Ine ndinakulira m'tchire, masuku, nthudza, matowo, mateme, zonsezo tinkadya popita kokatola nkhuni, ndipo ndinkadziona ngati munthu wodziwa mitengo. Ndinakoka kanthambi n'kukathyola, utomoni woyera ngati mkaka n'kundidonthera m'zala, ndinatenga chipatso chimodzi, kuchipukuta pabulauzi, n'kuluma. Chinali chotsekemera, anthu inu, kutsekemera kwabwino kosalira shuga. Ndinameza kachidutswa kamodzi. Adona anatulutsa dzanja m'pulasitiki muja kuti nawo ndiwagawire, ine n'kuwauza kuti n'cholimba chingawatsamwe, adikire tikafika m'sitima ndikawasendere n'kuwaphwanyira bwinobwino pa chakudya chamadzulo. Ndinatola zingapo zakupsa n'kuziika m'thumba la kumbuyo kwa njinga. Kenako, poti madzi ankandilowa m'maso, ndinapukuta kumaso ndi dzanja lomwe lija.

Sipanapite nthawi, m'kamwa munayamba kuyabwa ngati ndatafuna tsabola wa kambuzi. Ndinalavula, ndinalavulanso, koma moto unkangokula, kutsikira kummero. Ndiye maso. Poyamba ngati mwalowa mchenga, kenako ngati munthu wathiramo makala. Ndinathamangira kunja kwa mtengo ndikutikita, kumene kunali kuwonjezera, ndipo pamenepo m'pamene ndinakumbukira nkhadze, mtengo wa kumanda uja amatiletsa tili ana kuti utomoni wake ukalowa m'maso umachititsa khungu. Ndinabwerera chopapasa, n'kukoka njinga kuichotsa pansi pa mtengowo, ndipo chomaliza chimene ndinaona chinali chitenje changa chili pamutu pa adona, mitundu yake ikusungunuka ngati yagwera m'madzi. Zikope zinatupa n'kutsekeka. Ndikayesa kuzitsegula ndi zala ndinkangoona chifunga choyera ndi ululu wosaneneka.

Mvula inasiya monga inayambira. Kunangoti zii, mafunde okha. Ndinagwada pasimenti pambali pa njinga n'kunena kuti, “Adona, sindikuona.” Mawu anatuluka osamveka bwino, ngati a munthu wina, chifukwa kummero kunali kukutupa ndipo malovu sankamezeka. Ndinayesa kukuwa kuti mwina wina amve, koma chimene chinatuluka ndi kamphepo chabe. Foni yanga ya ku London inali m'kabini, chipinda chathu cha m'sitima, poti kumeneko sinkagwira. M'khosi ndi m'mikono namo munayamba kutentha ngati andithira madzi owira.

Ndiye patali sitima inaliza hutala.

Za imfa ndinaganiza, sindikana, koma chimene chinandizizira kwambiri ndi adona. Ndinkati ndikakomoka pano, mayi uyu sangayende, sangaitane munthu, mankhwala ake a madzulo ali m'sitima, ndipo usiku ukagwa adzakhala pano yekha pambali pa mtembo wanga. Ndinkaganizanso za kanjira kaja, phompho lili mbali imodzi, kuti ngakhale nditati ndiyende, ndikankha bwanji munthu pamalo otero ndili wakhungu? Mapasipoti athu anali m'sitima. Ndinadziona ndili m'manja mwa apolisi a dziko losalidziwa, munthu wakuda wopanda pepala, ndikufotokoza mmene mzungu wolumala anagwera kumiyala. Ndinayamba kupemphera mumtima, koma mawu a pemphero ankangobalalika, ndinkangobwereza kuti Ambuye, Ambuye.

Kenako ndinamva dzanja likundigwira tsitsi. Adona anandikoka mutu mwamphamvu, mphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo, n'kuugoneka chagada pamiyendo pawo, ndipo ndinamva madzi ozizira akuthiridwa m'maso mwanga. Anali madzi a m'kapu yawo yomwera ya kamlomo, imene inkakhala m'mbali mwa njinga. Anathira onse, diso ili, diso linalo, akutukwana motsitsa, kutukwana kuja ndinkakudziwa kuti n'kotonthoza. Ululu unachepa pang'ono koma kuona ayi. Atatha anagwira dzanja langa n'kulikankhira kumbuyo kwawo, kumene kuli zogwirira njinga, n'kunena kuti inde. Ndinawauza kuti sindingathe, tikagwa. Anabwerezanso, inde, mwaukali. Kenako anatenga nsonga ya chitenje chija n'kundifumbatitsa, nsonga inayo n'kugwira iwo.

Mmene tinamvanirana sindingathe kukufotokozerani bwino, chifukwa palibe amene anauza mnzake. Ndinatembenuza njinga, n'kuyamba kukankha phazi limodzi limodzi, wopanda nsapato, poti nsapato zinatsala pamchenga. Ndikamayenda bwino ankangoti inde, inde, inde, ngati munthu wowerengera ng'oma. Ndikayamba kupatukira kuphompho ankakoka chitenje n'kutukwana mokweza, ine n'kuima, n'kuwongolera mbali ya thanthwe mpaka inde abwerere. Ndinkayenda phewa likukhula tchire ndi miyala, minga ikundikala, koma ndinkati bola minga. Pokwera paja mpweya unkalowa movuta ngati ndikupumira m'kabango, malovu akungotsika pachibwano poti kumeza kunali kosatheka. Mafunde ndinkawamva pansi, mbali imodzi, pafupi kwambiri.

Pamwamba penipeni pa chitunda kanjirako kankakhota, ine ndinali nditaiwala. Ndinangomva adona akukuwa mawu amene sindinawamvepo chiyambire, ndipo nthawi yomweyo njinga inapendekera kutsogolo mbali imodzi, kagudumu kakang'ono kali m'malere. Ndinadzigwetsa chagada ndikukoka zogwirira ndi thupi langa lonse, n'kukhala pansi, njinga n'kundigwera pamiyendo. Timiyala tinagubuduka, ndipo ndinatimva tikugwa nthawi yaitali tisanafike pansi. Tinakhala choncho osagwedezeka. Ndinkamva adona akupuma mofulumira, kenako dzanja lawo linafika kumbuyo n'kupeza nkhope yanga, n'kundisisita patsaya kawiri. Anati inde, motsitsa kwambiri. Ndinadzuka, n'kubweza njinga, tinapitiriza.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera chifukwa njinga inkafuna kundithawa, koma tsopano phompho linali likutha, ndipo patapita nthawi, sindikudziwa yaitali bwanji, ndinamva wailesi ikuimba ndi galu akuuwa. Apa adona anasiya za inde, anangotsegula pakamwa n'kuyamba kutukwana ndi mawu awo onse, ngati munthu woledzera pamsika, mpaka ndinamva mapazi akuthamanga. Anthu anatizungulira akuyankhula Chingerezi chawo chothamanga chija, ndipo mayi wina wa mawu aakulu, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi mwini kasitolo ka zakumwa kaja, anandigwira kumaso n'kundifunsa ngati ndinali pansi pa mtengo wa kugombe laling'ono. Ndinagwedeza mutu. Anafunsa ngati ndadya. Ndinagwedezanso. Anafuula dzina la Yesu, n'kulamula kuti abweretse madzi ndi mkaka.

Anandikhazika pansi n'kumandithira madzi ndowa ndi ndowa, kumaso, m'khosi, m'mikono, wina akunditsegula zikope, wina akundimwetsa mkaka wozizira umene unkalowa dontho limodzi limodzi. Kenako ndinamva mayi uja akufufuza panjinga. Anali atatsegula thumba la kumbuyo kwa njinga pofuna chopukutira, n'kupeza zipatso zija. Anandigwira paphewa n'kufunsa pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha, kuti, “Amayi awa adyako?” Ndinapukusa mutu. Anapuma mpweya wautali, n'kunena kuti ndiye Mulungu anali nafe, chifukwa munthu wa msinkhu umenewo, womeza movutika kale, sakanafika mmawa.

Anatikweza pa pikiapu ya msodzi wina, njinga ndi ife tomwe, kumbuyo kukununkha nsomba, mayi uja atandikumbatira kuti ndisagwe. Tinafika padoko anthu omaliza akukwera. Za pamenepo ndimakumbukira zochepa, manja ambiri, chikepe, fungo la chipatala, jakisoni. Mayi uja sindinamuone nkhope mpaka lero, ndimangodziwa mawu ake ndi fungo la sopo wake, ndipo kumuthokoza sindinathe poti mawu analibe potulukira.

Dokotala wa m'sitima anati mtengowo amaudziwa, ndi umodzi mwa mitengo yaululu kwambiri padziko, ndipo ndi wachibale wa nkhadze yathu yomwe ija. Chipatso chake, utomoni wake, ngakhale madzi a mvula odutsa m'masamba mwake, zonse zimawotcha, n'chifukwa chake eni dziko amaupaka penti yofiira kuti anthu asayandikire. Anati kawirikawiri pamakhalanso chikwangwani, kaya cha pamenepo chinapita ndi mphepo, kaya ine sindinachione. Za maso anati tidikire, ambiri amaonanso, koma sanafune kundilonjeza.

Ndinagona masiku angapo m'chipinda cha odwala, nsalu ili kumaso, m'khosi ndi m'mikono muli matuza okhaokha, chakudya changa chili mkaka ndi ayisikilimu. Sitima inkangoyenda, kuima pazilumba zina, anthu kutsika ndi kukwera, ine ndili mumdima. Adona ankasamalidwa ndi manesi a m'sitimamo, koma akuti ankavuta, osalola kupita pamwamba kukawothera dzuwa, mpaka atawabweretsa pambali pa bedi langa. Ankakhala pamenepo tsiku lonse atagwira chala changa. Mumdima umenewo chimene chinkandibwerera si phompho lija ayi. Ndinkangodziona ndili m'kabini madzulo a tsiku lija, ndasenda zipatso zija bwinobwino, ndaziphwanya ndi supuni, mwina ndathirako kayogati, ndikuwadyetsa adona ndi manja angawa, iwo akutsegula pakamwa mondikhulupirira monga ankachitira masiku onse. Chikanakhala kuti ululu wa chipatsocho umachedwa kuyamba, kapena ine ndikanapanda kulawa, zikanatero ndithu. Ndikaganiza zimenezo thupi lonse linkazizira, ngakhale panopa ndikulemba pano tsitsi likuimirira.

Mmawa wina nesi atachotsa nsalu ndinaona kuwala, kenako chinthu chozungulira chimene chinasanduka windo, kenako mutu wa imvi uli pambali panga, wapendekeka, mwini wake ali m'tulo pakamwa pali yasa. Ndinalira, ndipo misozi inkawawa, koma ndinaisiya itsike.

Titabwerera ku London kunali kukadali chisanu. Mwana wa adona anamva zonse kwa a m'sitima, ndipo sanakondwe. Sanandikalipire, azungu ena sakalipa, anangonena mwaulemu kuti ndikapume kaye kunyumba, iye ayankhula ndi ejensi. Ndinadziwa tanthauzo lake, ndipo sindinamuone kulakwa, mayi ake anatsala pang'ono kufera m'manja mwanga kawiri tsiku limodzi. Ndinabwerera ku kachipinda kanga ku Woolwich n'kuyamba kufunsira mashifiti kwina. Koma sabata isanathe foni inalira, ali yemweyo, mawu atafewa, akuti mayi ake akukana kudya, akulavula mankhwala, ndipo mtsikana amene anabwera m'malo mwanga wathawa. Anati anawafunsa mafunso ambirimbiri osayankhidwa, mpaka atatchula dzina langa m'pamene anati inde. Ndinakwera basi tsiku lomwelo. Ndinakhala nawo zaka zina zitatu, ndipo tsiku limene anatisiya ndinali pambali pawo.

Kutchalitchi nkhaniyi anaitanthauzira mosiyanasiyana. Amayi ena anandikokera pambali n'kunena kuti zimenezi si zachilendo, alipo amene sanakondwe ndi ulendo wanga, ndiganize bwino amene ankaseka kwambiri ndisananyamuke. Ena anati zilumba zimenezo zili ndi mizimu ya akapolo ndipo mtengowo ndi wa mizimu. Ndinawamvera mwaulemu, koma ine sindikhulupirira zimenezo. Palibe munthu anandiponyera kanthu. Mtengo uja unamera pamenepo ine ndisanabadwe, ulibe chidani ndi munthu, ndipo eni ake anachita mbali yawo poupaka chizindikiro. Chimene chinandigwira ine ndi kupukwa kwathu. Ndinaona mbuzi ndi chinangwa n'kuyesa ndafika ku Ntcheu, n'kuyamba kuchita zinthu ngati mwana wa pamudzi, pamene ndinali mlendo wa tsiku limodzi. Ndimakhulupiriranso kuti Mulungu anandilola ndilume chipatso chija ine ndekha kuti moto uyambire pa ine, wamphamvu, usafike kwa munthu amene sakanaupirira, ndipo zipserazi sindidandaula nazo.

Ndiye inu anzanga amene mukuyenda masiku ano, poti ndikuona ambiri mwayamba kukwera sitima zimenezi patchuthi, ena ndi ana, ena ndi okalamba amene mukuwasamalira, kaoneni malo, n'kokongola ndithu ndipo anthu ake ndi abwino. Koma dziko likafanana kwambiri ndi kwanu, m'pamene muyenera kuchenjera, chifukwa kumene kuli kwachilendo munthu umafunsa wekha, pamene kofanana ndi kwanu umadziyesa wodziwa. Chipatso chimene simunaone mwini dziko akudya musachiike pakamwa, kaya chinunkhire bwanji, ndipo mwana asatole. Mukaona chizindikiro pamtengo musachimasulire m'Chichewa, funsani. Ndipo mvula ikakupezani pagombe la eni, pafupi pali mtengo wa mthunzi wabwino umene simukuudziwa dzina, imani pamtetete, ingonyowani.